Cortina yanu mphamvu ili nayo, chikusowa ndi pogwira

Ndalandira imelo kuchokera kwa m'bale wathu wina amene ali ku Joni. Anagula Ford Cortina XR6 yakale, waikonza mpaka ikuchita kuphetira, ndipo wayamba kupita nayo ku mpikisano wa drag, uja wopikisana liwiro magalimoto awiri pa msewu waufupi wowongoka, ku Tarlton, kufupi ndi Krugersdorp. Dandaulo lake ndi loti nyali yoyambitsira mpikisano ikangoyaka, matayala akumbuyo amangopalasa pamalo amodzi, utsi tolotolo, kagalimoto kakang'ono ka pambali pake n'kumusiya. Akufunsa ngati aike kabuleta wamkulu ndi camshaft ina.

Achimwene, funso lanuli landiyabwa. Galimoto ikulephera kutsitsira pansi mphamvu imene ili nayo kale, inu mukuti muiwonjezere ina. Zili ngati chimunthu chadzitho chavala patapata n'kumakankha kabati pa simenti yonyowa, inu n'kumati vuto ndi loti sanadye mokwanira.

Zimenezi ndinaziona ndi maso pa galaja ina imene ndinkagwirako ntchito kumadzulo kwa Joni. Bwana wathu anali ndi Nissan 1400, kabaki kaja kamene ku South Africa anapitiriza kukapanga mpaka 2008. Anachotsamo injini yake n'kuikamo ina yaikulu, ndipo mwezi ukatha ndalama zinkathera mu injini momwemo. Ukailiza m'galaja, malata ankachita kunjenjemera. Koma kabaki kumbuyo n'kopepuka, ndipo masipuling'i ake ndi aja a zitsulo zosanjikiza. Bwana akangosiya kalachi pamzere, difu inkapotokola masipuling'iwo, tayala n'kugwira, n'kutaya, n'kugwiranso. Kumbuyo konse kunkadumphadumpha, chitseko cha kumbuyo chili gwede gwede, ife oonera mpaka kutseka maso. Anyamata a pa galaja ankaombera m'manja, amvekere imeneyo ndiye mphamvu. Tsiku lina kudumphako kunathyola joini ya propshaft, chitsulo chija chopititsa mphamvu ku difu, n'kugwera pa phula, galimoto tinachita kukankha kuti ichoke pamzere.

Pomwe tinaimika panali mdala wina wa Valiant yakale, penti yosuluka, yosapatsa chidwi m'pang'ono pomwe. Anabwera, sanayang'ane n'komwe injini imene bwana ankanyadira ija. Anangopempha kapepala ka nthawi kamene amakupatsa ukamaliza kuthamanga, n'kuika chala chake chakuda ndi girizi pa nambala imodzi, ya nthawi imene watenga pa mafiti 60. Amenewo ndi mamita 18 okha oyambirira pa mtunda wonse wa mamita 402. Anati mpikisano wa bwana umathera pomwepo, kwinako amangoperekeza anzake. Anthu a masewerawa amadziwa kuti ukachotsa 0.1 ya sekondi pa mafiti 60, kumapeto umapeza kuti wapindula pafupifupi kawiri kake, chifukwa liwiro limene wapeza poyambira umayenda nalo njira yonse. Bwana anakwiya, koma kenako anagula ma shock atsopano ndi zitsulo zoletsa masipuling'i kupotoka. Injini sanaikhudze, ndipo kabaki kanayamba kunyamuka ngati galimoto ya anthu.

Chiyambire nthawi imeneyo ndilibe ulemu ndi utsi. Ndinene mosabisa: pa mzere wa drag, utsi wa pa nthawi yonyamuka ndi ndalama zanu zikupsa pamene mnzanu akupita. Ndikudziwa komwe chikondi cha utsichi chimachokera. Aliyense wokhala ku Joni waonapo anyamata a spinning akuzunguza gusheshe, BMW 325i ija ya E30, wina atatulukira pa windo, anthu akukuwa. Amenewo ndi masewera abwino ndipo luso lake ndi lalikulu, koma cholinga chawo ndi choti tayala lisagwire. Inu cholinga chanu ndi choti ligwire. Anthu amasakaniza ziwirizi, n'chifukwa chake mumaona munthu wa matayala a mumsewu akulowa m'madzi aja amathira kumayambiriro kwa bwalo, n'kupalasa mpaka oonerera kusowa m'chiutsi. Madziwo anawaikira a ma slick, matayala osalala aja ofunika kutenthedwa kuti anande. Tayala la mumsewu lili ndi mizere, limatunga madzi n'kukawadonthezera pamzere penipeni pomwe mukufuna kunyamukira, ndiye mwadziwonongera nokha komanso wobwera pambuyo panu. Ndiponso likatentha kwambiri limayamba kuterera.

Nkhani ya kabuleta ija sindikuikana mpaka kalekale ayi. Ford yeniyo inatulutsa XR6 Interceptor ya makabuleta atatu a Weber, ndipo ndi galimoto imene anthu amaisirira mpaka lero. Komanso Joni ili pamtunda, mamita oposa 1,700 pamwamba pa nyanja yamchere, mpweya wake ndi wopepuka, moti injini yopanda turbo imataya mphamvu yochuluka ndithu poyerekeza ndi ku Killarney ku Cape Town. Ndiye ndikumvetsa kuti mtima umafuna kubweza yotayikayo. Koma taganizani: ngakhale kumtunda kumeneko komwe injini yanu ili yofooka, matayala akupalasabe. Mutapita nayo ku Cape Town zingakhale bwanji? Ndipo ngati ndalama ya injini ikukuyabwani m'thumba, yambani ndi giya ya timing. Injini ya Essex V6 ya malita atatu imene ili m'galimoto mwanuyo inkabwera ndi giya ya mano a fibre, ndipo ikakalamba manowo amagweruka popanda kutsanzika. Amakaniko akale onse amaidziwa. Ikani yachitsulo musanayambe kuikalipitsa injini. Sikuwonjezerani liwiro, koma mudzabwerera kunyumba pa galimoto yanu osati pa ngolo.

China chimene chimandinyansa ndi malangizo a anyamata a pa Facebook oti muwotcherere difu kuti matayala onse awiri akumbuyo azizungulira limodzi. Inde, difu wamba imatumiza mphamvu ku tayala limene likuterera, ndipo pa galimoto ngati yanu nthawi zambiri limakhala la kumbuyo kumanja, chifukwa propshaft ikamapotokola difu imalipepula. Mukayang'ana pa phula mudzaona mzere wakuda umodzi wokha. Kuwotcherera kumathetsa zimenezo, koma galimoto imene Lolemba mupita nayo ku ntchito, mvula ikugwa, pa kona idzakutembenuzirani komwe mwachokera. Limited slip, difu yosalola tayala limodzi kupalasa lokha, ndiyo njira yake, ikapezeka ndalama.

Ndiye muchite chiyani?

Lowani pansi pa galimoto kaye. Cortina yanu ilibe masipuling'i osanjikiza ngati kabaki ka bwana, difu yake imagwiridwa ndi mikono yachitsulo, ndipo mabushi a mikonoyo ndi odziwika ndi kutha msanga. Akatha, difu imasewera, galimoto imanyamuka mokhota. Sinthani mabushiwo ndi ma shock akumbuyo. Batire isamutsireni ku buti, mbali ya kumanja, yomangidwa bwino ndi mabawuti, chifukwa oyendera magalimoto pa bwalo sadzakulolani ikakhala yogwedera.

Mpweya wa matayala akumbuyo muzitsitsa pang'onopang'ono, 0.1 bar ulendo uliwonse, mukuyang'ana kapepala. Pa matayala a mumsewu ine sindipitirira 1.6 bar kutsika, chifukwa likaphwa kwambiri pakati pake pamanyamuka, n'kumagwira m'mbali mokha. Akutsogolo apopeni kuposa masiku onse. Pobwerera kunyumba bwezerani mpweya wake.

Madzi aja alambalaleni. Palasani kamodzi kochepa kungochotsa timiyala, basi. Yandikirani mzere mpaka nyali yoyamba ya pamwamba iyake, kenako sendezani pang'ono kwambiri, yachiwiri ikangoyaka imani pomwepo. Mukatero tayala limakhala ndi kampata koyamba kugudubuzika wotchi isanayambe kuwerenga. Injini ya Essex mphamvu yake yokoka imabwera msanga, sifuna kukuwa, choncho yambirani pa 2,000 rpm kapena kupitirirako pang'ono. Kalachi musaitaye ngati yakuotchani, itulutseni mofulumira koma phazi likuiperekeza, moto n'kumawonjezera pamene mukumva kuti tayala laluma. Ikapalasa, ulendo wotsatira tsitsani rpm. Injini ikafooka ngati ikufuna kuzima, kwezani. Ikayamba kudumpha, chotsani phazi pa moto nthawi yomweyo, ulendo umenewo watha. Muzisintha chinthu chimodzi pa ulendo, apo ayi simudzadziwa chimene chathandiza.

Za nyali zisakusowetseni tulo panopa. Nyali zachikasu zikamayaka imodziimodzi zimasiyana ndi theka la sekondi, ndipo ozolowera amanyamuka yachitatu ikangoyaka osadikira yobiriwira. Koma wotchi ya nthawi yanu imayamba pokhapokha tayala likachoka pamzere, ndiye pa tsiku loyeserera mutha kuchedwa dala n'kuika mtima wonse pa phazi la kumanzere. Ma semi-slick, matayala a mizere yochepa ogwira kwambiri, mudzagule mukaona kuti nambala ya mafiti 60 yasiya kutsika, podziwa kuti tayala logwira kwambiri limapititsa nkhonya yonse ku kalachi, giyabokosi ndi ma shafti a zaka zoposa 40.

Mukapitanso ku Tarlton munditumizire chithunzi cha mapepala anu onse a tsikulo, mutalemba kuseli kwa lililonse mpweya wa matayala ndi rpm imene munanyamukira.