Kodi low-level format ingatsitsimutse hadi disiki yakale?

Owerenga ena anditumizira imelo kufunsa ngati low-level format, kutanthauza kulembanso mwatsopano mizere ndi tizigawo tosungiramo zinthu pa disiki yonse, singawononge hadi disiki ya kompyuta yawo yakale, imene yayamba kuchedwa kutsegula mafayilo. Funsoli landikumbutsa bala lakale. Disiki yanga itayamba kugogoda m'kati, katswiri wina ananditsimikizira kuti mankhwala ake ndi low-level format yomweyi, koma sanandichenjeze kuti zonse zimene zinalimo zifufutika. Ntchito inayenda usiku wonse, ndipo kutacha kompyuta sinkaizindikiranso disikiyo. Zolemba zanga za zaka zambiri zinapita, ndipo mpaka lero ndimadzidzudzula kuti sindinayambe ndazikopera kwina.

Katswiriyo ankatsatira nzeru ya m'zaka za m'ma 1980. Madisiki ambiri a nthawi imeneyo, a mitundu yotchedwa MFM ndi RLL, monga ST-506 ya kampani ya Seagate imene inatuluka mu 1980 ndipo inkasunga mamegabaiti 5 okha, ankayendetsa kamutu kowerenga ndi kulemba pa disiki pogwiritsa ntchito stepper motor, mota yoyenda masitepe ofanana. Zitsulo zikatenthedwa zinkafutukuka pang'ono, kamutuko n'kuyamba kuphonya mizere, choncho kulembanso mizere ndi masekita (tizigawo ta mizereyo) kunkathandizadi.

Madisiki amene anabwera pambuyo pake, a mitundu ya IDE ndi SATA, ndi osiyana ndi amenewo. Zizindikiro zotsogolera kamutu, zotchedwa servo, zimalembedwa kufakitale, ndipo mwini kompyuta sangazilembenso. Pa madisiki ena oyambirira a IDE, kuwaumiriza low-level format kudzera mu BIOS, pulogalamu imene imayamba kugwira ntchito kompyuta ikangoyatsidwa, kunkatha kufufuta mndandanda wa masekita owonongeka. Zimene mapulogalamu a masiku ano amazitcha low-level format ndi kungodzaza maziro pa disiki yonse, ndipo ine ndikuona kuti kupitiriza kugwiritsa ntchito dzinali n'kusocheretsa anthu, chifukwa limawapatsa chiyembekezo chakuti disiki yokalamba ibwerera ku ubwana. Zoona, maziro amachititsa disiki kuika pambali masekita okayikitsa n'kutenga ena osungira, koma sakonza kamutu kotha kapena mota yotopa, ndipo kulemba kwa maola ambiri kungatsirize disiki imene ili kale kayakaya.

Nanga inu muchite chiyani?

Yambani mwakopera mafayilo anu kwina, kenako onani malipoti a SMART, amene disiki imapereka onena za thanzi lake, makamaka nambala 5 (masekita oikidwa pambali) ndi 197 (masekita okayikitsa). Ngati ziwerengerozo sizikukwera ndipo disiki sikugogoda, kudzaza maziro sikungaiwononge. Ngati zikukwera, pezani ina.