Mafunso a Owerenga: Kodi Matabwa Ndi Chuma Chosatha?

Funso: Ine ndine kalipentala. Mwana wanga, yemwe ali kusekondale, akunena kuti ntchito yanga ikuthandizira kutha kwa nkhalango, pomwe ine ndinamva kuti mitengo imabwerera, siili ngati malasha amene ukakumba atha. Akunena zoona ndani?

Yankho: Bambo, mawu anu ndi oona, koma ali ndi malire amene mwana wanu wawaona. Mitengo imabwerera pokhapokha ngati yodulidwa pachaka siikuposa imene nkhalangoyo ingathe kukulitsa m'chaka chomwecho. Tiyerekeze munda wa paini umene mitengo yake imakhwima pakatha zaka 25. Mwini wake akaugawa m'zigawo 25, n'kumadula chigawo chimodzi pachaka ndi kubzalamo mbande dzinja lotsatira, podzafika kuchigawo chomaliza choyamba chija chidzakhala chitatsala pang'ono kukhwimanso, ndipo macheka sadzagona. Koma akamadula zigawo zisanu pachaka, pakatha zaka zisanu adzatsala ndi zitsa ndi timitengo tanthete, kenako adzadikira zaka pafupifupi 20 popanda thabwa logulitsa.

Nzeru imeneyi ndi yakale. Mu 1713, Hans Carl von Carlowitz, mkulu woyang'anira migodi ku Saxony m'dziko la Germany, analemba kuti mitengo izidulidwa molingana ndi kakulidwe kake, ataona kuti migodi ya siliva ikumeza nkhalango pofuna mizati yochirikizira ngalande ndi makala osungunulira miyala.

Ntchito yanu ili ndi ubwino umene ambiri sauganizira. Pafupifupi theka la kulemera kwa thabwa louma ndi kaboni (chinthu chimene chikachuluka mumlengalenga chimatenthetsa dziko) amene mtengo unakoka mumpweya pamene unkakula, choncho tebulo lolimba limene lakhala zaka 50 lasunga kaboniyo nthawi yonseyo, pomwe nkhuni zimamubwezera mumlengalenga tsiku lomwe zayaka. Komanso bungwe la FAO, nthambi ya United Nations yoona za chakudya ndi ulimi, linawerengera kuti pakati pa 2015 ndi 2020 dziko lapansi linkataya mahekitala a nkhalango pafupifupi 10 miliyoni pachaka, ndipo choyambitsa chachikulu ndi kutsegula minda ndi malo odyetsera ziweto, osati akalipentala.

Pamene mwana wanu walasa ndi pa mitengo yachilengedwe. Bulugamu amaphukiranso pachitsa ndipo sachedwa kukula, koma mitengo yolimba yam'nkhalango, imene akalipentala amaikonda chifukwa cha kukongola kwa matabwa ake, imatenga zaka makumi ambiri. Kudula yotereyi n'kubzala paini m'malo mwake, si kubwezeretsa nkhalango, pakuti munda wa mitengo ya mtundu umodzi susunga mbalame, tizilombo ndi zitsamba zamankhwala monga nkhalango yeniyeni.

Choncho pogula matabwa muzifunsa kumene achokera ndiponso ngati odulawo ali ndi chilolezo. Matabwa ena amabwera ndi chizindikiro cha FSC, bungwe limene linayamba mu 1993 ndipo limatsimikizira kasamalidwe ka nkhalango. Zidutswa zotsala musamazitenthe msanga, chifukwa zambiri zimatuluka mipando ya ana ndi mashelefu.