Pulogalamu ya ku ofesi ikufuna Silverlight: yankho kwa mchemwali wa ku Limbe

Kalatayi yandipeza Lachiwiri usiku, ndipo ndati ndiyankhire pano chifukwa funso lotere aka si koyamba kulimva. Wolemba ndi mchemwali wina wa maakaunti pa kampani yogulitsa zipangizo zomangira ku Limbe. Ndaidula pang'ono, koma mfundo yake nayi:

"Achimwene, pulogalamu yathu yowerengera katundu anatipangira mu 2012 munthu wina amene pano ali ku Joni. Timaitsegula pa browser. Abwana agula malaputopu atatu atsopano, koma ponse ikungolemba kuti tiike Silverlight. Ikugwira pa kompyuta imodzi yokha, yakalekale, ya pakona. Mnyamata wina wokonza makompyuta akuti angathe kutipezera Silverlight ndi Flash pa intaneti. Timulole? Komanso ine ndimalakalaka nditadziwa kupanga mapulogalamu otere. Ndiyambe ndi Silverlight, Flash kapena Java applet?"

Achemwali, mnyamatayo musamulole, ndipo pa zitatu mwatchulazo musataye nthawi ndi chilichonse. Koma musanapitirize kuwerenga, nyamukani kaye mukauze aliyense mu ofesimo kuti kompyuta ya pakonayo asaisunthe, asaifufute, ndipo asabayemo fulashi ya nyimbo. Mwina zolembedwa zonse za kampani yanu zagona mmenemo.

Fulashi ndikunena apayi ndi kachipangizo kosungira mafayilo kaja. Flash ya Adobe ndi chinthu china. Ndinaonapo amuna awiri akulu ndithu akukangana mpaka thukuta pa Ginnery Corner, wina akunena kachipangizo, mnzake akunena pulogalamu, aliyense akuona ngati mnzakeyo ndiye mbuli.

Chimene chakugwerani chinayambira kutali. M'zaka za m'ma 1990, browser, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, inali ngati bolodi lomatapo zidziwitso: mawu, zithunzi, malinki, basi. Vidiyo sinkaitha. Ukadina batani, tsamba lonse linkachoka kaye n'kubweranso. Ndiye a Netscape anaboola khomo m'mbali mwa browser yawo, limene linadzatchedwa NPAPI, kuti pulogalamu ya kampani ina izilowerapo, n'kukhala pakati pa tsamba n'kumagwira ntchito zimene mwini nyumba ankazilephera. Mlendo wolowera pakhomo limenelo ndiye plugin. A Microsoft nawo anaboola lawo pa Internet Explorer mu 1996, n'kulitcha ActiveX.

Alendo otchuka anali atatu. Java applet ya Sun Microsystems inabwera mu 1995, ndipo mabanki ndi maofesi akuluakulu anaikonda. Flash inayamba mu 1996 ngati kapulogalamu kojambulira makatuni kotchedwa FutureSplash Animator. A Macromedia anakagula n'kukapatsa dzina latsopano, kenako mu 2005 a Adobe anagula Macromedia yonse. Chaka chomwecho kunabadwa YouTube, ndipo mavidiyo ake ankayendera Flash. Masewera a pa Facebook ngati FarmVille nawonso anali a Flash. Silverlight inabwera mochedwa, mu 2007, a Microsoft ataona kuti anzawo akudya okha.

Ine nthawi imeneyo ndinali mnyamata wa mu internet cafe, wolipira pa mphindi. Ndimakumbukira kuyang'anitsitsa kamzere kolembedwa kuti Loading kakukwawa, 37, 38, 39, mwini cafe akuyang'ana wotchi, kenako magetsi thii. Koma musandimve ngati wodandaula yekhayekha, chifukwa ndinali mmodzi wa olakwa. Webusaiti yoyamba imene ndinalandirirapo ndalama ndinaiika chiyambi cha Flash: logo ya kasitomala ikuzungulira, kanyimbo kakulira, nyenyezi zikugwa. Kasitomala anasangalala kwambiri ataiona pa kompyuta yanga. Makasitomala ake, pa intaneti ya masiku amenewo, sindikhulupirira kuti alipo ndi mmodzi yemwe amene anadikira mpaka logoyo itamaliza kuzungulira.

Munthu wanu wa ku Joni tisamunene kwambiri. Silverlight 5 inali itangotuluka mu Disembala 2011. Kwa munthu wodziwa C#, chiyankhulo cholembera mapulogalamu, ndi Visual Studio, chida chowalembera, inali njira yachidule yopangira pulogalamu ya mu ofesi yokhala ndi matebulo osanjika, mafomu oyankha msangamsanga, ndi malipoti, popanda kulimbana ndi Internet Explorer 6, 7 ndi 8 zimene iliyonse inkamva JavaScript ndi CSS, ziyankhulo zomangira masamba, mwa njira yake. Ngakhale Netflix inkaonetsera mafilimu pa Silverlight. Kungoti zizindikiro zinalipo kale, iye sanaziwerenge, ndipo ambiri sitinaziwerenge.

Choyamba kugwedeza nyumbayo chinali foni. iPhone inatuluka mu 2007 yopanda Flash, ndipo mu Epulo 2010 Steve Jobs, mkulu wa Apple, analemba kalata poyera kuti sadzailola: akuti imadya batire, imagwetsa makina, ndipo inapangidwira mbewa ya kompyuta osati chala. Anthu ambiri anati ndi nkhani ya malonda chabe, ndipo mbali ina inalidi ya malonda. Koma mu Novembala 2011 a Adobe eni ake analengeza kuti asiya kupanga Flash ya m'ma browser a m'mafoni. Kwa ife kuno nkhaniyi inali yoonekeratu kuposa kwa azungu. Anthu ambiri ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Zingwangwa intaneti anaidziwira pa foni, pa Opera Mini, imene inkapanikiza tsamba pa seva yake, kompyuta yotumikira makompyuta ena, kuti bandulo ikhalitse. Tsamba la plugin pamenepo linkangooneka ngati bokosi lopanda kanthu.

Koma chimene chinapha alendo atatu aja kwenikweni, ndipo apa ndi pamene pakukhudza mnyamata wanu uja, ndi chitetezo. JavaScript ya pa tsamba imakhala yotsekeredwa: singatsegule mafayilo anu yokha, singaike pulogalamu pa kompyuta. Plugin siinali choncho. Inali pulogalamu yathunthu, yokhala ndi mphamvu zonse za munthu amene walowa pa kompyutayo. Mlendo uja sanangopatsidwa mpando pabalaza, anapatsidwa makiyi a zipinda zonse. Ndiye mbava zikapeza kabowo kamodzi mu Flash kapena mu Java, zinkangofunika kuti inu mutsegule tsamba, nthawi zina tsamba labwinobwino lokhala ndi malonda oipa pambali, vairasi n'kulowa inu osadina chilichonse. Mu Januwale 2013 boma la America linachita kulangiza anthu kuti azimitse Java m'ma browser awo. Mu 2015 zinsinsi za kampani ya ku Italy yogulitsa zida zaukazitape, Hacking Team, zitaululika, munapezeka mabowo a Flash amene ankagwiritsidwa ntchito a Adobe asakudziwa. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Nthawi yomweyo mwini nyumba anali akuphunzira ntchito za mlendo. HTML5, mtundu watsopano wa chiyankhulo cholembera masamba, imene inavomerezedwa mu Okutobala 2014, inabwera ndi vidiyo, nyimbo ndi malo ojambulira ake. JavaScript inathamanga kwambiri. YouTube inasamukira ku HTML5 mu Januwale 2015. Zitatero makomo aja anayamba kutsekedwa: Chrome inachotsa NPAPI mu Seputembala 2015, ndipo Silverlight ndi Java zinafera pomwepo pa browser imeneyo. Firefox inatsatira mu Malichi 2017, n'kutsala ndi Flash yokha. A Adobe analengeza mu Julayi 2017 kuti Flash itha pa 31 Disembala 2020, ndipo kuyambira pa 12 Januwale 2021 Flash Player inayamba kukana yokha kutsegula chilichonse. Plugin ya Java inachotsedwa mu Java 11 mu 2018. Silverlight yanuyo a Microsoft anaisiya pa 12 Okutobala 2021.

Musachite manyazi kuti kampani yanu inagona. Mu Januwale 2021, bungwe lotolera misonkho ku South Africa, SARS, linapezeka kuti mafomu ake ena akadali a Flash, moti linachita kutulutsa browser yakeyake kuti anthu athe kulipira msonkho. Amenewo anali ndi zaka zitatu ndi theka zokonzekera, ndi ndalama zoposa za abwana anu.

Tsopano mnyamata uja. Eni ake a Flash ndi Silverlight anachotsa kale mapulogalamuwa pa masamba awo. Ndiye iye akawatenga kuti? Pa masamba aja a mabatani asanu obiriwira, lililonse lolembedwa kuti Download. Kwa zaka zambiri uthenga wabodza wonena kuti Flash Player yanu yatha ntchito, ikani yatsopano, wakhala nyambo yodziwika ya anthu ofalitsa mavairasi. Mwina mnyamatayo ndi wokhulupirika, sindikumukayikira. Koma chimene akufuna kuika pa laputopu yokhala ndi maakaunti a kampani ndi fayilo imene iye mwini sakudziwa gwero lake. Ndipo ngakhale atapeza yeniyeni, pa Chrome siigwira. Flash nayo mwaitchulayo ilibe gawo pa vuto lanu n'komwe. Pulogalamu ya Silverlight siitseguka ndi Flash.

Pali nkhani yabwino imene sindinakuuzeni. Silverlight ndi nkhope chabe. Chimene mumaona pa sikirini, mafomu ndi mabatani, ndi fayilo imodzi yothera ndi .xap, imene kwenikweni ndi zip wamba. Manambala a matumba a simenti, malata, misomali ndi ngongole za makontirakitala sakhala mmenemo. Amakhala kuseri, mu database, nkhokwe yosungiramo zolembedwa, ndipo kwa pulogalamu ya Silverlight kawirikawiri imakhala SQL Server. Database imeneyo siinafe. Ikhoza kukopedwa, ikhoza kutulutsidwa n'kuikidwa mu Excel, ndipo ikhoza kuvekedwa nkhope yatsopano.

Ndiye mawa m'mawa mupite pa kompyuta ya pakona, mutsegule pulogalamuyo, muyang'ane pamwamba polemba adiresi. Mukaona mawu oti localhost, ndiye kuti kompyuta yomweyo ndiyo seva, ndipo zaka zonse za malonda anu zili pa hard disk imodzi yokalamba. Mukaona manambala oyamba ndi 192.168, seva ili mu ofesi momwemo, mwina bokosi lafumbi pansi pa tebulo la abwana. Kulikonse kumene ili, mupeze munthu wodziwa SQL Server achite backup, makope awiri, limodzi likagone kunja kwa ofesi. Ndipo ayese kubwezeretsa kope limodzi pa kompyuta ina inu mukuona, chifukwa ndinakumanapo ndi ofesi imene inkachita backup Lachisanu lililonse kwa zaka ziwiri, tsiku la tsoka n'kupeza kuti mafayilo onse ndi opanda kanthu. Ngati kompyutayo ili pa Windows 7, imene a Microsoft anaisiya mu Januwale 2020, ichotseni pa intaneti, isiyeni pa netiweki ya mu ofesi yokha. Muigulirenso UPS, bokosi la batire loti kompyuta isazime magetsi akathima. Ndi kathimidwe ka magetsi ka kuno, hard disk yakale siichedwa kugonja.

Malaputopu atsopanowo pali njira yongodutsira. Internet Explorer inapumitsidwa pa 15 Juni 2022, koma mkati mwa Microsoft Edge muli chimene amachitcha IE mode, ndipo a Microsoft anati achisunga mpaka 2029 kapena kupitirira. Mmenemo Silverlight imatha kutseguka, ngati muli ndi fayilo yeniyeni yoikira, ndipo malo oyamba kuifuna ndi pa kompyuta ya pakona yomweyo kapena pa CD imene wopanga uja anasiya. Njira yomweyi ndi imene imapulumutsa anthu a makamera akale a CCTV ofuna ActiveX. IE mode imeneyi ingoimangirirani ku adiresi imodzi yokha ya pulogalamu yanuyo. Koma abwana muwauze momveka kuti uku n'kumanga ndi waya, galimoto ikangofika pa galaja.

Kenako mumusake munthu wa ku Joni uja pa WhatsApp, mumupemphe mwaulemu source code, malemba enieni amene analemba popanga pulogalamuyo, ngakhale patafunika kumupatsa kangachepe. Ikapezeka, wodziwa C# akhoza kugwiritsanso ntchito mbali yaikulu ya malamulo owerengera, n'kumanga nkhope yatsopano ndi Blazor, imene imayendetsa C# mu browser kudzera mu WebAssembly popanda plugin. Palinso OpenSilver, imene inapangidwira kusamutsa mapulogalamu a Silverlight. Ikapanda kupezeka si mathero: database muli nayo, ndipo inu amene mumagwiritsa ntchito pulogalamuyo tsiku ndi tsiku mukudziwa bwino chimene fomu iliyonse imachita. Ulendo uno mu mgwirizano mulembedwe kuti source code ndi ya kampani. Ndipo musanamange chatsopano, mufunse kaye ngati pulogalamu yogula kale siingakwane. Si sitolo iliyonse ya simenti imene ikufunika yakeyake.

Za kuphunzira kwanu, yambani ndi HTML, CSS ndi JavaScript, zosasakaniza, kwa miyezi ingapo musanathamangire React kapena Vue, zida zomangidwa pamwamba pa JavaScript. Pambali pake SQL, chiyankhulo chofunsira database, ndipo inu a maakaunti SQL muikonda, chifukwa ndi matebulo ndi mafunso. Java monga chiyankhulo ili moyo ndipo ili ndi ntchito zambiri. Chimene chinafa ndi applet yokha. Mabuku akale a Flash ndi ActionScript amene amapezeka pa ogulitsa mabuku m'misewu ya m'tauni asiyeni, ngakhale atatsitsa mtengo. Mukakhala ndi mafayilo akale a .swf a maphunziro a ana, pali Ruffle, imene imatsegula ambiri mwa iwo popanda Flash Player, ndipo Internet Archive imaigwiritsa ntchito.

Chimodzi chimene ndingafune muchidziwe msanga ndi service worker pamodzi ndi IndexedDB. Ziwirizi zimalola pulogalamu ya pa browser kupitiriza kugwira ntchito netiweki ikathawa, n'kusunga malisiti pa foni kapena pa laputopu, n'kudzawatumiza ku seva ikabwera. Mnyamata wanu wa ku sitolo akhoza kuwerenga malata ali pabwalo, foni ili m'manja, bandulo itatha. Ntchito yanu yoyamba yophunzirira ikhale imeneyo: tsamba limodzi, katundu makumi awiri, batani lowonjezera ndi lochotsera, muliyese pa foni yotchipa kwambiri imene mungaipeze mu ofesi.

Mukayang'ana adiresi ija mawa, mundilembere zimene mwaona, komanso ngati kompyutayo ikumveka kaphokoso kogogoda ikamayaka. Ngati kalipo, backup ija isadikire Lachisanu.