Ma ion olemera mofanana, bwanji safika pamodzi?

FUNSO: Akonzi, ndikuphunzira kupima poizoni wa aflatoxin mu mtedza. Akuti makina a time-of-flight amadziwa kulemera kwa ion (molekyulu yokhala ndi chaji ya magetsi) poona nthawi imene yatenga kuti ifike pa detector (kachipangizo kolandira ma ion). Nanga bwanji ma ion olemera mofanana safika pamodzi, ndipo reflectron imathandizapo chiyani? Wophunzira, Mchinji.

YANKHO: Vuto limayambira ponyamukira. Ma ion sapangikira pamalo amodzi, ndipo ena amakhala ali kale pa liwiro magetsi asanawakankhe, motero mphamvu zawo zimasiyanako. Ion ya 1,000 Da (ma dalton, muyeso wa kulemera kwa mamolekyulu) yokankhidwa ndi mavolti 20,000 imadutsa mita imodzi pa ma microsecond 16. Mphamvu zikasiyana ndi 1 peresenti yokha, nthawi imasiyana ndi ma nanosecond 80, ndipo peak (nsonga yoonetsa ma ion amenewa pa chithunzi cha zotsatira) imatambasuka mpaka 10 Da. Pamenepo simungapime kanthu kodalirika.

Reflectron, imene Boris Mamyrin ndi anzake ku Leningrad anaifotokoza mu 1973, ndi mphete zachitsulo zondandalikidwa, zolumikizidwa ndi ma resistor kuti mavolti azikwera pang'onopang'ono. Ion ikalowamo imachepa liwiro, kuima, n'kubwerera. Taganizani njinga yokwera chitunda osapalasa: yobwera ndi liwiro lalikulu imafika patali isanabwerere. Ion yothamanga nayonso imalowa mkati kwambiri n'kutaya nthawi imene inapindula m'paipi yopanda magetsi imene ma ion amaulukamo, ndipo yochedwa ija imaipeza. Detector iyenera kukhala pamene akumanapo. Pa reflectron ya gawo limodzi, zimenezi zimatheka ngati mtunda wopanda magetsi, popita ndi pobwerera, uli kanayi kuyerekeza ndi kuya kumene ion yalowa. Mavolti a mphete yomaliza aposeko okankhira aja, apo ayi ma ion adutsa osabwerera.

Koma chenjerani apa, chifukwa ambiri amalimbana ndi reflectron pachabe. Ion imene inayamba ikuloza kumbuyo imataya nthawi potembenuka, kenako n'kutuluka ndi mphamvu yofanana ndi inzake. Reflectron singakonze kuchedwa kumeneku. Mankhwala ake n'kukweza mphamvu ya magetsi ponyamukirapo.

Njira ina, ya Wiley ndi McLaren ya mu 1955, ndi kudikira pang'ono musanakankhe. Pa MALDI (njira yopangira ma ion powomba chopimidwacho ndi laser) amadikira ma nanosecond mazana angapo laser itawomba. Othamanga amakhala atasendera kutsogolo ndipo amalandira mphamvu yochepa, motero otsalira aja amawapeza. Nthawi yodikirayi imadalira kulemera kwa ion, choncho muziyichuna ndi standard (chinthu chodziwika kale kulemera kwake) yolemera moyandikana ndi chimene mukupimacho, ndipo mukasintha chilichonse, bwerezani calibration (kuchuna makina kuti aziwerenga kulemera molondola).