Ukufuna kufufuza za majini ndi matenda a mtima? Yamba wakonda masamu

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wa ku Lilongwe amene wakhoza MSCE ndi mapointi 10. Akuti: "Bambo anga anamwalira ndi matenda a mtima ali ndi zaka 46, ndipo agogo aamuna anapitanso chimodzimodzi. Ndinamva kuti majini a chitetezo cha m'thupi ndi a cholesterol amakhudzana ndi matendawa, ndiye ndikufuna kudzakhala wofufuza zimenezi. Koma amayi ndi amalume akuti ndikapanda kusankha udokotala, fizi ndidzadzionera ndekha. Ndichite chiyani?"

Makalata otere amabwera chaka chilichonse zotsatira zikangotuluka. Mwana akhoze bwino sayansi, abale onse amuveka kale chijasi choyera m'maganizo mwawo, kumufunsa mwini wake ayi.

Mwanawe, zimene unamvazo n'zoona, ndipo ntchito yakeyo ndi yeniyeni. Mu 2003 akatswiri a ku France ndi ku Montreal anapeza kuti jini (malangizo a m'thupi amene timatengera kwa makolo) yotchedwa PCSK9 ikasokonekera mwa njira ina, cholesterol yoipa ya LDL, mafuta amene amatseka mitsempha, imakwera m'magazi. Patatha zaka zitatu, Jonathan Cohen ndi Helen Hobbs a ku Dallas anaonetsa mbali ina ya nkhaniyi: mwa anthu akuda a ku America amene anawafufuza, pafupifupi 2.6 peresenti anabadwa jini imeneyi ili yozimitsidwa mbali imodzi. LDL yawo inali yotsika ndi 28 peresenti, ndipo chiopsezo cha matenda a mitsempha ya mtima chinali chotsika ndi 88 peresenti. Kusintha kumodzi kwa jiniyi kunapezekanso mwa amayi oyembekezera a ku Zimbabwe, kuno ku Afirika. Pofika 2015 mankhwala otseka PCSK9 anali atavomerezedwa.

Za chitetezo cha m'thupi nazonso zili ndi mutu wake. Madokotala ankaona kuti odwala mtima amakhala ndi puloteni ya CRP, imene imakwera m'thupi mukakhala kutupa, yambiri m'magazi, ambiri n'kumaiganizira kuti ndiyo yoyambitsa. Ofufuza majini atayang'ana anthu obadwa ndi CRP yokwera, anapeza kuti sadwala mtima kuposa anzawo. CRP ili ngati utsi, moto uli kwina. Mu 2012 njira yomweyo inaloza puloteni yolandira IL-6, mthenga wa chitetezo cha m'thupi woyambitsa kutupa, ndipo mu 2017 kafukufuku wa CANTOS, wa odwala opitirira 10,000, anaonetsa kuti mankhwala ochepetsa kutupa amachepetsa mavuto a mtima ndi pafupifupi 15 peresenti, cholesterol osaigwira n'komwe.

Tsopano taona mmene mayankho amenewa anapezekera. Panali mafayilo a anthu masauzande, mizere ya manambala yosatha pa kompyuta, ndi munthu wodziwa kusiyanitsa zongochitika mwangozi ndi zenizeni. Tsiku la wofufuza wotere limatha akulemba makodi m'zilankhulo za kompyuta za R kapena Python, pulogalamu ikukana chifukwa cha kachizindikiro kamodzi kamene waiwala. Ngati masamu umawachita mokakamizika, ndikuuziretu lero, ntchito imeneyi idzakutopetsa msanga.

N'chifukwa chake ine ndimakankhira ana ngati iwe ku masamu ndi Statistics. Pa fomu ya NCHE yofunsira malo ku yunivesite ganizira digiri ya sayansi ku University of Malawi ku Zomba, utenge Statistics pamodzi ndi Biology kapena za makompyuta. Immunology ya ku MUST ku Thyolo ndi khomo labwinonso, Medical Laboratory Sciences ya ku KUHeS chimodzimodzi, koma ukalowera kumeneko masamu uziwasaka wekha. Anthu odziwa kupima magazi m'labu tili nawo ndithu. Odziwa biology n'kumathanso kusanthula ziwerengero ndi ochepa kwambiri, ndipo mabungwe ofufuza ngati Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre kapena MEIRU, imene yakhala ikufufuza za BP ndi shuga ku Karonga ndi ku Lilongwe, sangayende popanda anthu otere. Mpata wina ndi uwu: pafupifupi anthu 8 mwa 10 aliwonse amene majini awo afufuzidwa m'makafukufuku akuluakulu ndi ochokera ku mitundu ya ku Ulaya. Anthu a ku Afirika, kumene majini a anthu ndi osiyanasiyana kuposa kwina kulikonse, sanawerengedwe mokwanira.

Inu amayi ndi amalume, udokotala ndi ntchito yaulemu, sindikutsutsa, ndipo pali madokotala ambiri amene amafufuzanso. Koma kuopseza mwana ndi fizi n'kulakwa. Zaka zonse za MBBS, digiri ya udokotala, kenako kugona m'mawodi pa internship, si za munthu wolowa chifukwa choopa amalume. Mukufuna dokotala m'banja kapena mukufuna choti mukadzitamire pa maliro ndi pa ukwati?

Nawenso usadzinamize. Digiri yoyamba siidzakupanga wofufuza. Idzakupanga wothandizira wofufuza, wa kontirakiti ya chaka chimodzi kapena ziwiri, yodalira ndalama za madona zimene zimatha osatsanzika. Padzafunika masters, kenako PhD, mwina ku South Africa kapena ku Britain, ndipo sikolashipu zake amalimbirana anthu a dziko lonse la Afirika. Anzako a udokotala adzayamba kulandira iwe ukulembabe makalata opempha malo. Mankhwala a mtima sudzawatulukira uli ndi zaka 25.

Ngati zonsezi wazimva koma mtima ukadali pomwepo, mapointi 10 akukwanira kuyambira. Ndipo poti bambo ndi agogo anapita ndi matenda amodzi akadali aang'ono, iwe ndi abale ako mukayezetse cholesterol kuchipatala. Pali vuto lotengera kumtundu la cholesterol yokwera limene limagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa 250 aliwonse, ndipo likadziwika msanga mankhwala ake alipo. Upite nawo amalumewo, akayezetse BP.