Kapayipi kamene amakaniko anatseka ndi bawuti kaja kali ndi ntchito yake

Sabata yathayi ndalandila imelo kuchokera kwa achimwene ena aku Chilomoni, ali ndi Toyota Sienta yoitanitsa ku Japan. Akuti kapayipi kakuda kamene kamachoka pa tapeti kava (chivundikiro cha pamwamba pa injini) nkukalowa ku manifodi (njira yolowetsa mpweya m'masilinda) kanang'aluka, galimoto inayamba kunjenjemera ikangoima pa maloboti, ndiye amakaniko ena anangokazula nkutseka mabowo onse awiri ndi mabawuti, amvekere kameneka nkopanda ntchito bwana, nzaazungu izi zoteteza chilengedwe basi. Kunjenjemera kunathadi, koma patha miyezi iwiri pano oyilo akudontha pomwe amaimika ndipo amakaniko omwewo akuti tisinthe ma seal (timphira totchinga kuti oyilo asatuluke mu injini). Funso lawo nlakuti kodi ziwirizi zikugwirizana?

Achimwene, zikugwirizana, ndipo musanagule seal olo imodzi kachotseni kaye mabawutiwo.

Petulo akaphulika mu silinda amakankha pisitoni kupita pansi, ndipo ma ring a pisitoni ntchito yake nkutchinga kuti mpweya wamotowo usadutse m'mbali. Koma palibe ring imene imatseka kotheratu, olo injini yongotuluka kumene ku fakitale, pamakhalabe kampweya kozemba nkutsikira pansi komwe kuli crankshaft (chitsulo chimene mapisitoni amazunguza) ndi oyilo, ku sampu kuja. Amakaniko amati blow-by. Ndiye taganizani, Sienta yanuyo ili ndi masilinda 4, ikamazungulira ka 800 pa mphindi itangoima ndekuti mkatimo mukuphulika ka 1600, mukaiponda nkufika 3000 ndekuti ka 6000 pa mphindi imodzi yokha, ndipo kuphulika kulikonse kukusiya kampweya kake pansipo. Kakapanda potulukira kamadzadza nkuyamba kukankha paliponse pofooka, monga nthunzi imanyamulira chivundikiro pa poto wa nyemba. Pofooka pa injini ndi pa gasiketi ya tapeti kava, pa ma seal a crankshaft kutsogolo ndi kumbuyo, nthawi zina mpaka dipisitiki imadzuka yokha.

Kapayipi kanu kaja ndiye khomo lotulukira. Pomwe kamachokera pali kavalavu kakang'ono kotchedwa PCV, mkati mwake muli sipuling'i ndi kachitsulo koyenda. Manifodi imakoka mpweya woipawo kudzera mmenemo nkuubweza mu silinda kuti ukapse pamodzi ndi petulo. Galimoto ikangoima manifodi imakoka mwamphamvu kwambiri ndiye valavu imatsala pang'ono kutsekeka, mukaponda moto imatseguka kuti mpweya wambiri udutse. Nchifukwa chake payipi itang'aluka galimoto inkanjenjemera, injini inkamwa mpweya wakuba umene kompyuta ya galimoto siinauwerengere, petulo nkumachepa. Amakaniko anu anaona bwino pomwe panali vuto, anangolakwitsa mankhwala.

Palinso payipi ina yachiwiri yochokera ku payipi yaikulu ya eya kilina (sefa ya mpweya wolowa mu injini), ntchito yake nkulowetsa mpweya wabwino kuti mkatimo muzitsukika. Mukatseka ya PCV, yachiwiriyi imasanduka potulukira pokhapo ndipo pa injini yoti ma ring adayamba kutha siikwanitsa, makamaka mukamakwera mapiri aja kuchokera ku Chikwawa mutadzadza abale ndi matumba. Taitsegulani payipi yaikuluyo muone, ndikukhulupilira mupezamo oyilo.

Koma chimene chimandidandaulitsa ine kuposa kudonthako ndi chomwe chili mu mpweyawo. Muli petulo wosapsa, muli mwaye, mulinso nthunzi ya madzi chifukwa petulo akapsa amatulutsa madzi, ndi aja mumaona akudontha ku ekizosi mmamawa. Zimenezi zikapanda kukokedwa zimagwera mu oyilo. Ndiye kwathu kuno anthu ambiri ulendo wake ndi waufupi, Chilomoni mpaka mtauni, kuimika tsiku lonse, madzulo kukwawa pa mzere wa pa Chipembere Highway, oyilo satentha mokwanira kuti madziwo auluke, nanji mu June ndi July chiperoni chikagwa. Tsegulani chotsekera pothilira oyilo, mukapeza zoyera ngati chambiko kunsi kwake ndiye zimenezo (olo kuti nthawi zina zimenezi zimatanthauza kuti yapsa head gasket, gasiketi yotchinga pamwamba pa masilinda, ndiye muonenso ngati madzi a mu radiyeta akuchepa). Zikakhalitsa oyilo amasanduka phala lakuda, limatseka sefa ya pampu ya oyilo, ndipo pamenepo nkhani yake sikhalanso ya kapayipi, imakhala yotsitsa injini.

Za azungu zija amakaniko sananame kwenikweni. Magalimoto akale anali ndi payipi yongolendewera kunsi, mphepo ya pamsewu ndi imene inkakoka utsiwo galimoto ikamathamanga, ikaima palibe chimachitika, ndipo pa malole ena akale mukaiona mpaka lero ikufuka. Utsi utavuta ku Los Angeles, boma la California linalamula kuti magalimoto atsopano a 1961 akhale ndi PCV, kenako zinafalikira konse. Koma onani, olo akalewo payipi anali nayo. Palibe anapangapo injini yotsekedwa ndi bawuti.

Chochita chake sichovuta. Pezani payipi yake yeniyeni, m'mashopu a ma spare ku Limbe kapena kwa ophwasula magalimoto ku Ndirande, bola ya second hand muifinye kaye, ikakhala youma gwa kapena yofewa ngati chingamu isiyeni. Musalole payipi yamadzi yothilira maluwa kapena kukulunga ndi tepi ndi mphira, oyilo wotentha amazidya ndipo manifodi ikakoka payipi yofewa imaphwatalala nkutseka, zimangofanana ndi bawuti lomwe lija. Kavalavu nako kachotseni mukagwedeze pafupi ndi khutu, kabwino kamalira keche keche, kakangoti zii ndekuti kamatidwa ndi zoipa, mutha kukatsuka ndi mankhwala opopera aja a carb cleaner koma ine ndimangoti gulani kena poti sikodula ngati ma seal. Mukabwezeretsa, lizani injini muike chala kukamwa kwa valavu, muzimva ikukoka. Valavu yokakamira potseguka nayonso njoipa, imakoka oyilo weniweni nkumakamuotcha, utsi wabuluu kumbuyo, oyilo kumatha osaona podontha.

Mukatero sinthani oyilo ndi filita yake poti amene alimoyo wamwa zambiri miyezi iwiriyi, tsukitsani injini kuti iume mbee, muyende nayo sabata ziwiri mukuyala katoni pansi usiku. Nthawi zambiri kudontha kumachepa kapena kusiyiratu. Pakadonthabe, katoniyo ikuuzani kuti ndi kutsogolo kapena kumbuyo, ndipo ikakhala seal yakumbuyo konzekerani thumba chifukwa imeneyo mpaka atsitse giyabokosi.