"Oriental", "Asian" ndi amwenye: yankho kwa achemwali a ku Leicester

Imelo ya sabata ino yachokera ku Leicester, mzinda wa ku England, kwa mayi wina wa kwathu ku Mulanje amene amagwira ntchito yosamalira okalamba. Ndaifupikitsa:

"Kuntchito kwathu kwabwera mnzathu watsopano wa ku Philippines. Ndikufotokozera abwana za amene anagwira usiku, dzina lake linandithawa, ndiye ndinangoti 'the Oriental lady'. M'chipindamo munangoti zii. Mawa lake ndinati 'Asian', koma anthu anayesa ndikunena mayi wina wa ku India. Ndizinena chiyani? Nanga kwathu tikamati amwenye, timakhala tikutukwana?"

Achemwali, pepani ndi manyazi amenewo. Mawu a "Oriental" ambirife tinawatola m'mabuku akale a kusukulu, ndipo palibe anatiuza kuti anasasa. Gwero lake ndi Chilatini, ndipo amangotanthauza kum'mawa. Koma kum'mawa kwa yani? Kwa munthu wokhala ku London kapena ku Paris, amene ankatenga anthu onse kuyambira ku Turkey mpaka ku Japan n'kuwathira m'thumba limodzi, pamodzi ndi makapeti, mbale ndi zonunkhira zawo. Nchifukwa chake lero mawuwa mudzawaona pa chikwangwani cha sitolo ya zakudya popanda wodandaula, koma mukawaika pa munthu zimamveka ngati mwamusandutsa katundu. Ku America, mu Meyi 2016, Barack Obama anasaina lamulo lochotsa "Oriental" ndi "Negro" m'malamulo a boma, ndipo amene analibweretsa anali phungu wa ku New York, Grace Meng, yemwe makolo ake anachokera ku Taiwan. Okalamba amene mukuwasamalirawo mwina amawanenabe. Asiyeni, koma inu musatengere.

Za "Asian" simunalakwe. Mawuwa ndi aulemu, kungoti amasintha tanthauzo mukawoloka nyanja. Ku Britain, munthu akati "Asian" amaganiza za India, Pakistan, Bangladesh ndi Sri Lanka, chifukwa ochokera kumeneko ndiwo anafika ambiri nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Ndipo inu mwakhala pachimake penipeni. Mu 1972 Idi Amin atapatsa amwenye a ku Uganda masiku 90 kuti achoke, khonsolo ya Leicester inalemba mu nyuzipepala ya Uganda Argus kuwachenjeza kuti asabwere mumzindawo. Anabwerabe, ndipo sitolo za pa Belgrave Road ndi umboni. Mumzinda womwewo muli mabanja amene anachoka ku Limbe ndi ku Blantyre. Musadabwe gogo wina wa ndevu zoyera akakupatsani moni m'Chichewa. Ku America nkhani ndi ina. Dzina loti "Asian American" analiyambitsa mu 1968 ndi ophunzira a pa yunivesite ya ku Berkeley, Yuji Ichioka ndi Emma Gee, pokana dzina lomwe lija la "Oriental", ndipo kumeneko anthu akamva "Asian" amayamba kuganiza za China, Japan, Korea, Vietnam ndi Philippines.

Tsono mnzanuyo ndi "Filipino", kapena "Filipina" popeza ndi mayi. Mukafuna kutchula dera lonse, ndi "Southeast Asian". A ku China, Japan ndi Korea ndi "East Asian", a ku India ndi oyandikana nawo ndi "South Asian". Ine ndimakonda dzina la dziko kuposa la dera, malinga ndikulidziwadi, osati kulota poyang'ana nkhope.

Pali msampha umodzi umene umatigwira ife makamaka. Timakonda kudula mayina: Zim, Moz, TZ, Joni. Ndiye munthu amayesa kuti kudula "Pakistani" n'kusiya zilembo zinayi zoyambirira ndi chimodzimodzi. Ayi ndithu. Mawu amenewo ndi amene magulu a anyamata achizungu ankakuwa m'zaka za m'ma 1970 akamamenya amwenye m'misewu ya ku England, osafunsa n'komwe ngati womenyedwayo ndi wa ku Pakistan kapena ku India. Kuntchito akhoza kukuchotsetsani ntchito. "Jap" nawo ndi otsalira a nthawi ya nkhondo, pamene America inatsekera m'misasa anthu oposa 100,000 a mtundu wa Chijapani. "Chinaman", "Chinky" ndi kunena kuti munthu ndi "yellow", zonsezo tayani. Abale a ku Joni asamale ndi "makula". Amachokera ku "coolie", dzina limene ankaitanira Amwenye amene anayamba kufika ku Durban mu 1860 kudzalima nzimbe pa mapangano owawa. Amene anatchedwapo kwerekwere mu takisi safunika kumufotokozera zambiri.

Funso lanu lachiwiri ndi limene landitayitsa nthawi yaitali. Kwa ine, "mmwenye" si kutukwana. Ndi pachibale ndi "mwenye" wa Chiswahili, kutanthauza mwini chinthu, ndipo agogo athu akamati "ndikupita kwa amwenye" ankangonena za kusitolo kokagula nsalu, mchere ndi palafini. Boma la Kamuzu litawachotsa m'midzi m'zaka za m'ma 1970 kuti azichita malonda m'mizinda mokha, dzinalo linawatsatira. Amwenye ambiri obadwira kuno amalinena okha akamayankhula Chichewa.

Komabe dzinali lili ndi zilema ziwiri. Choyamba, limaphimba zambiri. Mhindu, Msilamu, Msikh, wa ku Pakistan wofika chaka chatha ndi mdzukulu wa munthu amene anafika nthawi ya Nyasaland, onse timangoti amwenye, ngati kuti wobadwira ku Limbe, wokhala ndi chiphaso cha Malawi, akadali mlendo. Chachiwiri chili m'kamwa mwathu momwemu. Chichewa sichisowa mawu atsopano kuti chinyoze. Chimangosintha mutu wa dzina. "Amwenye aja" ndi ulemu. "Kamwenye kaja" kapena "chimwenye chija" ndi chipongwe, ndipo aliyense womva amadziwa. Tikamakangana za malipiro ochepa m'sitolo, zomwe ndi nkhani yoona yofunika kuikamba, dzinali limasanduka ndodo yomenyera mtundu wonse pa mlandu wa bwana mmodzi.

Limene ndikuona kuti tilikonze msanga ndi "Matchaina". Chiyambire pomwe Malawi anasiya ubale ndi Taiwan n'kuyamba ndi China kumapeto kwa 2007, aliyense wa maonekedwe a kumeneko watisandukira Mtchaina. Chonsecho anthu ongodzipereka a ku Japan akhala akubwera kudzagwira ntchito m'sukulu ndi m'zipatala zathu kuyambira 1971, ndipo chipatala cha Daeyang Luke ku Lilongwe anayambitsa ndi anthu a ku Korea. Maiko amenewa ali ndi mbiri zowawa pakati pawo. Korea inalamulidwa ndi Japan kuyambira 1910 mpaka 1945. Onjezerani kuti tikati "foni yatchaina" timatanthauza yosalimba, ndiye muganize mmene zimamvekera kwa munthu. Za ana othamangira mlendo akukuwa "ching'chong'" ife akulu tikuseka pakhonde, ndilibe chowiringula. Ndinasekapo nanenso.

Kubwerera kwa mnzanu uja: musakonze msonkhano, musalembe kalata yaitali. Mukakumana pa tiyi, muuzeni kuti dzina lake linakuthawani ndipo munagwiritsa mawu amene simunadziwe kuti ndi oipa. Mufunseni katchulidwe ka dzinalo, mulilembe m'foni. Akakufunsani kwanu, konzekani kufotokoza kuti Malawi si Mali, chifukwa funso limenelo lidzabwera ndithu.